Zaka za Dziko pa Chingwe cha Chitsime

Zemba, Chadiza,
mwezi wa Seputembala.

Fanuele mwana wanga,

Ndikulemba dzuwa likadalipo, ndakhala pa mtondo wong'ambika uja kuseri kwa nkhokwe, chifukwa maso anga sagwirizananso ndi nyali. Amayi ako akukazinga nsawa za kamba wako, ndipo akunamizira utsi kuti ndiwo ukuwatulutsa misozi. Kalatayi aibisa pansi pa nsawazo, ndipo mawa akuuza kuti usaitsegule mpaka basi itaoloka Luangwa. Ngati waitsegula ukadali pa lole ya ku Fort Jameson, ndiye kuti kusamva kwako kuja sikunathe. Ipinde, uibwezere.

Pakamwa ndalephera. Sabata yonse ino ndakhala ndikukuzungulira, koma ndikati ndilankhule chimatuluka ndi chifuwa, apo ayi kukalipa. Paja anthu okumba zitsime sitidziwa kucheza. Tsiku lonse uli wekha m'dzenje, mnzako ndi ndowa yotsika ndi kukwera. Ndiye pirira, uwerenge zilembo zokhotakhota za atate ako.

Choyamba ndikuuze chimene takubisira. Ulendo uja ndinapita kuchipatala cha mishoni nthawi yozizira, ndinakuuza kuti andipatsa mankhwala a chimfine. Linali bodza. Dokotala anandimvetsera pamsana nthawi yaitali, kenaka anafunsa zaka zimene ndinakhala kumigodi. Nditamuuza anapukusa mutu, nati fumbi lija linakhazikika m'mapapo ndipo chotsukira palibe. Ine ndinamufunsa ngati mlimi: "Ndidzala kangati?" Womasulira anayang'ana pansi, nati, "Chaka chino mudzala, bambo. Chamawa adziwa ndi Mulungu." Ndinaletsa amayi ako kukuuza chifukwa ndimakudziwa. Ukanamasula katundu n'kupita kwa mzungu wako woyeza miyala, uja tinamutcha Kanyundo chifukwa cha kanyundo kosachoka m'manja mwake, n'kumuuza kuti afune wina wokaphunzira ku Lusaka. Ndipo amalume ako, amene kuyambira kale amafuna ukhale pano uzilima nsawa n'kukwatira, akanavina mpaka fumbi koboo. Ndinalimbana nawo miyezi itatu, ine mkamwini wopanda mawu pamudzi pano, kuti upite. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Pita, usatsike basiyo. Koma uwerenge mpaka kumapeto, chifukwa pali chimene ndikupempha.

Ndiyambe ndi chimene ndinakulakwira iwe mwini. Ukukumbukira chilimwe chatha, tsiku lija unandipeza pachitsime cha kusukulu titatuluka kudzapuma? Unali utangobwera kuchokera kumapiri kumene unayenda ndi Kanyundo, ukumumasulira ndi kumulembera. Mmodzi wa amuna okoka ndowa anakufunsa mwachipongwe, "Nanga mzungu wako akuti miyala ili ndi zaka zingati? Anaiona ikubadwa?" Iwe sunapse mtima. Unatenga chingwe changa chotsikira, cha mikwamba isanu ndi itatu, n'kuchiyala pansi. Unati, "Tiyese kuti chingwe ichi ndi moyo wonse wa dziko, kuyambira pamene linaumbika mpaka lero." Unayenda mikwamba isanu ndi iwiri yathunthu osamanga kanthu, n'kunena kuti nthawi yonseyo kunalibe chafupa, chachigoba kapena tsamba, ndipo zamoyo zimene zinalipo zinali tating'ono ta m'madzi. Pamenepo unamanga mfundo yoyamba. Unati apa nyanja zinadzaza ndi zankhono ndi nsomba, kenaka kumtunda kunamera nkhalango zimene zinagwa, kukwiririka, n'kusanduka malasha. Utadutsa theka la mkwamba wotsalawo unamanga yachiwiri, nthawi ya abuluzi aakulu, ena oposa njovu. Patatsala chikhato chimodzi unamanga yachitatu, nthawi ya nyama zoyamwitsa. Unati mfundozo samanga mwachisawawa, amaziika pamene m'miyala zamoyo zakale zikulekera ndipo zachilendo zikuyambira. Wina anafunsa, "Nanga anthufe?" Unatsina kaulusi komasuka kunsonga kwenikweni, n'kunena kuti, "Tonse tili apa, ndi Akafula omwe."

Amuna aja anaseka, koma ine magazi anandikwera kumutu. Ine woliza belu kutchalitchi, mwana wanga n'kumapeputsa masiku asanu ndi limodzi a chilengedwe pamaso pa anthu! Ndinaganizanso za makolo amene ankatiuza za mapazi a anthu oyamba pathanthwe la Kaphirintiwa, mwala ukadali wofewa. Ndinakulanda chingwe, n'kumasula mfundo zija ndi mano, n'kunena kuti, "Sukulu yakusandutsa chitsiru. Choka pachitsime changa." Unachoka, ndipo masabata awiri sitinadye mbale imodzi. Ndinalakwa, Fanuele. Sindinkateteza Mulungu ayi, Iye sasowa Zakeyo womutchinga. Chinandiwawa ndi kaulusi kaja. Munthu wakumba moyo wako wonse, waika makolo, wabala ana, n'kuuzidwa kuti iwe ndi mtundu wako wonse simukwana ngakhale chala chimodzi cha chingwe. Zinandipweteka, ndiye ndinapweteka iwe.

Chimene sudziwa n'chakuti m'mawa mwake ndinazimanganso mfundo zija. Ukanaziona, koma pachitsime sunabwerenso. Ndinalumikiza kachingwe kena komangira kumtengo wopingasa pakamwa pa chitsime, kuti mfundo zikhale kumwamba, popeza unati chapamwamba ndicho chatsopano. Tsopano ndikamatsika ndimadutsa zoyamwitsa, abuluzi, malasha ndi nsomba kuwala kukadali pankhope panga. Kenaka mikwamba isanu ndi iwiri ya zii, dzanja pambuyo pa dzanja, wopanda ngakhale nyerere yokupatsa moni. Ndipo paja unati thanthwe la kwathu kuno ndi la nthawi yopanda mfundoyo, lakale kuposa mafupa. Ndikafika pansi ndimaligogoda ndi mgwala n'kunena kuti, "Mwadzuka bwanji, agogo?" Okoka ndowa amayesa ndayamba misala. Za masiku asanu ndi limodzi sindinazithetse, ndikafunsa Mwini wake, popeza tionana posachedwa. Koma iwe, wina akakuuza chinthu chokupweteka, uyambe wagona nacho usanachilume ndi mano. Ndipo ukamafotokozera akuluakulu zimene waphunzira, uziwasiyira pokhala, usawakhalitse pakaulusi anthu akuona.

Kulakwa kwina sindinauzepo munthu, ngakhale amayi ako. Iwe usanabadwe, anthu a mudzi wina kwa Mlolo anandiitana kuti ndiwakumbire chitsime m'mphepete mwa dambo, chifukwa akazi awo ankayenda mtunda wautali kukatunga. Nthaka ya kuno ndimaidziwa ngati mbale yanga yodyera. Pamwamba dothi lakuda, kenaka katondo, kenaka nsangalabwi, kenaka mwala wofumbwa umene umaphwanyika ndi khasu, ndipo madzi amagona pamenepo, pamwamba pa thanthwe. Koma pamalo paja panali mchenga ndi matope ouma, mizeremizere, ngati mphasa zoyalidwa pamwamba pa zinzake. Nditazama msinkhu wa anthu awiri, khasu linati gwa! pa phale. Ndinafukula ndi manja. Ndinapeza mapale a mbiya okhala ndi zolembalemba zimene sindinazionepo kwa woumba aliyense, phulusa, makala, ndi mphero yosweka pakati. Ndinati basi, ndagwera m'manda a eni nthaka, anditsata mpaka kunyumba. Ndinakwirira zonse ndi phazi, n'kutuluka, n'kuuza eni mudzi kuti ndagunda thanthwe, pano madzi palibe. Anandikhulupirira, anandiphera nkhuku, n'kufotsera dzenjelo. Akazi aja anayendabe zilimwe zina zitatu. Mmodzi ndinakumana naye panjira, mtsuko uli pamutu, mimba ili kutsogolo, ndipo anapatuka n'kundipatsa moni waulemu. Ndinalephera kumuyang'ana kumaso. Pambuyo pake munthu wina anakumba cha pomwepo, ndipo madzi akumwa mpaka lero.

Iwe utandiuza kuti madzi osefukira amayala mchenga chaka ndi chaka, ndipo chapansi ndicho chakale, m'pamene ndinazindikira kuti sanali manda. Panali pakhomo pa munthu, pophikira pake, ndipo dambo linamufunditsa atachoka kalekale. Ndinathawa moto umene unazima agogo a agogo anga asanabadwe. Ndiye tamvera. Ukapeza kanthu pansi, ulembe chimene waona ndi pamene wachiona, ngakhale chikuopse, ngakhale chitsutse zimene bwana wako akufuna kumva. Bodza la wokumba amalisenza ndi ena pamutu. Malowo ndingakusonyeze ukabwera, pali mkuyu pafupi, ndikhulupirira ukadalipo. Koma ubwere miyendo yanga ikadafika kwa Mlolo.

Za kufulumira ndinaziphunzira ndi mphuno. Thanthwe likakana mgwala timasonkhapo moto waukulu, kenaka n'kuthira madzi kuti ling'ambike. Wokumba aliyense amadziwa kuti pambuyo pake umadikira, n'kutsitsa nyali pachingwe, ndipo ikazima ndiye kuti mpweya wa pansi ndi woipa. Tsiku lina ndinaona ngati nyali ikundichedwetsa. Ndinatsika. Chimene ndikumbukira ndi kutsitsimuka ndili pamtunda, amayi ako akundiwomba makofi uku akulira, "Mukafuna kufa muzifa ngati munthu, osati ngati mbewa yofukizidwa kuuna!" Amene anatsika kudzandimanga chingwe m'chiuno, atagwira mpweya, ndi amalume ako omwewa amene ndakhala ndikukangana nawo. Ndiye ngakhale mawa akutsazike ndi nkhope ya thako, uziwalembera, ndipo dzina lawo liziyamba. Ndi munthu wouma mutu koma wolowa m'dzenje chifukwa cha mnzake. Kumene ukupitako kuli mayenje ozama kuposa anga, ndipo mzungu akafulumira amatsitsa wakuda poyamba. Uzifunsa ngati nyali yatsika, usachite manyazi. Pamene pali fumbi uzimanga nsalu pamphuno ngakhale anzako akuseke.

Tsopano chachikulu, chimene ndapemphera pepala kwa aphunzitsi. Ndili ndi msinkhu wakowu ndinapita kumigodi ya malasha kummwera, kutsidya kwa Zambezi. Amayi anga, agogo ako amene sunawaone, anandiperekeza mpaka pakhwawa la kumalire a mudzi wathu. Anandifunsa, "Ubwera liti, Zakeyo?" Ndinati, "Mvula ziwiri zokha, amayi." Sindinkanama ayi, ndinkakhulupirira ndithu. Koma pansi pa mgodi kulibe mvula. Kulibe dzinja, kulibe masika, kuli belu lolowera ndi belu lotulukira basi. Kuno nthawi imachita kukugwira pamkono. Masuku apsa, inswa zatuluka, chimanga chamasula, ndipo sungaiwale kuti chaka chikuyenda. Kumeneko chaka chinkatha ngati sabata. Ndinkati ndiyambe ndapeza njinga. Njinga itapezeka, ndinati munthu sangafike kwawo ndi njinga wopanda suti. Suti itapezeka, anandiika kukhala woyang'anira anzanga asanu, ndinati nanga ndisiye ulemu wotere? Zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo Zengerezuyo ndine.

Kumeneko n'kumene ndinatola mwala uja wa tsamba umene unkasewera nawo uli mwana, umene ndikuganiza kuti ndiwo unakuyambitsa matenda ako a miyalawa. Unagwa kuchokera kudenga la mgodi n'kung'ambika pakati, ndipo m'kati munali tsamba lathunthu ndi mitsempha yake, pansi pomwe dzuwa silinafikepo. Anzanga anati ndi zamatsenga, ndiutaye. Ine ndinausunga kuti ndikaonetse amayi, chifukwa anali munthu wodziwa tsamba lililonse la m'tchire, la ndiwo ndi la mankhwala lomwe. Ndinkafuna ndikawayese, ndione ngati ili angalitchule dzina. Ndinkaseka ndekha ndikaganiza m'mene adzalitembenuzire, kulinunkhiza, n'kundinena kuti ndasema ndekha.

Ndinabwera patatha mvula zisanu ndi zinayi. Ndinalowa m'mudzi ndikuliza belu la njinga, chipewa chili chammbali. Ana anathawa, sanandidziwe. Mlongo wanga anatuluka m'nyumba, anandiyang'ana kuyambira kunsapato, ndipo sanalulute. Anangoti, "Tsamiritsani njingayo, achimwene, tiyeni." Anandilondolera kumsitu. Manda a amayi anali atatitimira kale, udzu utameramo, mvula ziwiri zitadutsapo. Makalata anatumiza, koma ndinali nditasamuka komboni osauza munthu. Mlongo wanga anati chaka chilichonse mvula yoyamba ikagwa, amayi ankatulutsa mphasa yanga kukaikung'untha, n'kumati, "Zakeyo anati ziwiri, kapena amawerenga mwina kumeneko." Kalanga ine! Ndinaima pamenepo ndi suti yanga, mwala uli m'thumba, wopanda woufunsa. Mpaka lero ndikamva fungo la mvula yoyamba ndimawafuna amayi anga ngati mwana wosiyidwa pakhomo, ndipo imvi zonsezi sizinathandize kanthu.

Wamva tsono chimene ndikuopa? Mowa wa m'tauni sindiuopa, unaleredwa. Mikangano ya Chitaganya cha maiko atatu chija imene akuti yadzaza m'makomboni, uli ndi mutu wako, udzaona wekha poima. Ndikuopa kawerengedwe. Ukupita kwa anthu owerenga zaka zimene pakamwa sipatha kutchula. Munthu amene tsiku lonse wagwira mwala wa mikwamba isanu ndi iwiri ija, zaka zitatu za sukulu adzaziona ngati chiyani? Udzati chaka chimodzi n'chiyani, ndimalize kaye mayeso, nditsagane kaye ndi Kanyundo kuchigwa, ndidzapita chaka chamawa. Ine mgodi unandibisira mvula, iwe adzakubisira ndi mabuku. Miyala idzakudikira, mwana wanga, yadikira kale nthawi yonseyo ndipo siidandaula. Ife a pakaulusi sitidikira. Uziwerenga zaka za dziko monga akuphunzitsira, ndipo uziwerenge bwino kuposa onse m'kalasimo, koma za kwanu uziwerenga ndi mvula.

Zina ndi zazing'ono. Uzilemba mwezi uliwonse, ndipo ukasamuka, ngakhale kuchoka chipinda ichi kupita icho, uzinena. Zilembo zikhale zazikulu kuti ndiziwerenga ndekha, sindifuna aphunzitsi azidziwa za m'nyumba mwanga. Amayi ako uziwaikira mawu awoawo pamapeto, chifukwa adzandiwerengetsa kalata imodzi kasanu kufuna pamene watchula iwo. Akakutumiza kuchigwa cha Luangwa, kumene unati kuli mafupa a zilombo ndi mitengo yosanduka miyala, undijambulire chimodzi papepala, ndipo undiuze kuti chili pamfundo iti, kuti ndidziwe pochiika ndikamatsika. Tsamba lija ukalifunsire dzina. Lili m'thumba la jekete lako lamkati, usadabwe kulemera. Tchalitchi ukachipeze sabata yoyamba, ngakhale aziimba nyimbo zathu mokhotetsa. Ndipo munthu wa kwathu akakupeza kumeneko wopanda pogona, umuyalire, usayambe wafunsa kuti ndi wa gule kapena wa mpingo.

Chitsime cha kuseri kwa nyumba ndikuchizamitsa mwezi uno, madzi akadali pansi, kuti amayi ako asadzavutike. Usadandaule, ndikutsika pang'onopang'ono ndipo amalume ako ndiwo akukoka ndowa. Akudziwa zonse tsopano. Ndinawauza dzulo, ndipo anati, "Ndiye mukumulola apite?" Ndinati inde. Anandinena kuti ndine mfiti yopanda chisoni, n'kupita kukakugwirira tambala wa paulendo.

Pempho langa nali. Unati kumeneko amatsekera nthawi yozizira, chimanga chitalowa m'nkhokwe. Akakutsekerani koyamba, ubwere. Anzako adzakuitanira kwina, Kanyundo adzafuna umuperekeze kumapiri, ndipo adzakuuza kuti mwayi wotere subwera kawiri. Ukane. Umuuze kuti atate ako ndi munthu wovuta, adzakhulupirira, paja anandiona. Sindikufuna suti, sindikufuna bulangete, usachedwe n'kufunafuna chobwera nacho. Ubwere chimanjamanja, tidzakhale pansi, undiuze zonse zimene waphunzira, ndipo ulendo uno ndidzamvetsera mpaka umalize.

Ndawauza amayi ako ndi amalume ako kuti tsiku langa likafika iwe uli kutali, asamenye lamya. Asakuyendetse masiku atatu kudzaona mulu wa katondo. Maliro ali ndi eni ake, adzukulu adzakumba, ndipo ndawalozera kale pamene nthaka ndi yofewa kuti asadzanditukwane. Pansi sindipaopa, ndakhalako moyo wanga wonse. Koma panopa ndikukumva m'nyumbamo ukulimbana ndi chivindikiro cha sutikesi, khoma limodzi lokha pakati pathu, ndipo ndakusowa kale. Ubwere ndikadali pamwamba, Fanuele.

Mulungu akuyendetse, akubwezenso.

Ndine atate ako,
Zakeyo.